Anandikonza Valavu ya Mtima: Kodi Ndidzathamanganso?

FUNSO: Ndine bambo wa zaka 46, ndipo kwa zaka zoposa 10 ndakhala ndikuthamanga makilomita 8 katatu pa sabata. Chaka chatha ndinayamba kubanika pokwera kachitunda kamene kale sindinkakamva n'komwe, ndipo atandiunika anapeza kuti valavu ya mitral sinkatseka bwino, moti magazi ena ankabwerera m'mbuyo. Masabata 5 apitawo anandichita opaleshoni yotsegula pachifuwa n'kuikonza valavuyo, osati kuichotsa. Adokotala akuti zonse zinayenda bwino, koma ndikayenda mphindi 15 zokha ndimakhala nditatheratu, ndipo wotchi yanga yoyeza kugunda kwa mtima siikupitirira 105 ngakhale ndiyende mwachangu bwanji. Ndikumwa mankhwala a mtima a bisoprolol ndi a warfarin oletsa magazi kuundana. Mayi akunyumba sandilola kunyamula ngakhale ketulo. Kodi opaleshoniyi inalephereka? Nanga ndidzathamanganso?
*Wothamanga wakale*

YANKHO: Bambo, kutopa kumene mukufotokozaku si umboni wakuti opaleshoni inalephereka, ndipo munthu amene pa sabata yachisanu akuyenda mphindi 15 osaima ali pamene odwala ambiri amakhala ali. Amene anauona mtima wanu ndi maso ndi adokotala amene anakuchitani opaleshoni, choncho paliponse pamene mawu awo asiyana ndi anga, tsatirani awo. Koma pali chinthu chimodzi chimene odwala ambiri sauzidwa momveka bwino asanatuluke m'chipatala, ndipo n'chimene chikukusowetsani mtendere: valavuyo inayamba kugwira ntchito yake inu musanatsitsimuke n'komwe, pamene thupi lonse limene linatsegulidwa kuti madokotala aifike lidakali m'mbuyo kwambiri.

Mtima uli ndi mavalavu anayi, ndipo ya mitral ndi chitseko cha pakati pa zipinda ziwiri za kumanzere, chapamwamba chimene chimalandira magazi ochokera m'mapapo ndi chapansi chimene chimawapopera m'thupi lonse. Kuti aifike, madokotala anadula pakati fupa la pachifuwa, analumikiza mitsempha yanu ku makina ogwira ntchito m'malo mwa mtima ndi mapapo, kenako anauimitsa mtimawo kwa kanthawi. Pokonza, kawirikawiri amadula kapena kusoka timapiko ta valavu, amaika tizingwe tatsopano m'malo mwa timene tinaduka, n'kusokerera kamphete kuzungulira pakamwa pa valavuyo kuti pasatambasukenso. Njira imeneyi inafala chifukwa cha dokotala wa ku France, Alain Carpentier, amene anaifotokoza mwatsatanetsatane mu 1983. Mtima ukayambanso kugunda, amauunika ndi echo (makina oonetsa chithunzi cha mtima) yodzera kummero kuti aone ngati magazi akubwererabe, ndipo satseka chifuwa asanakhutire.

Limene silifulumira ndi fupa. Analimanga ndi mawaya achitsulo chosachita dzimbiri amene adzakhala m'thupi mwanu moyo wonse, koma ntchito ya mawayawo ndi kungogwira mbali ziwirizo kuti zisasunthe. Kulumikizana kwenikweni kumatenga masabata 6 mpaka 8, ndipo kuti fupalo likhwime pamafunika pafupifupi masabata 12, mwinanso kuposa kwa munthu wodwala shuga, wosuta fodya kapena wonenepa kwambiri. N'chifukwa chake zipatala zambiri zimaletsa kunyamula katundu woposa makilogalamu 4 kapena 5 pa nthawi imeneyi. Pamenepa mayi akunyumba alondola mbali ina, koma mbali ina aonjeza: ketulo ya lita imodzi ya madzi siifika pa malire amenewo, pamene chidebe cha malita 20 ndi makilogalamu 20 athunthu ndipo musachiyandikire. Komanso chimene chimavutitsa fupa si kulemera kokha ayi, koma mmene manja alili. Kukankha chitseko cholimba, kukoka chinthu ndi dzanja limodzi, kudzikweza pampando mutatsamira manja, kapena kunyamula chinthu manja atatambasuka kutali ndi thupi, zonsezi zimakokera mbali ziwiri za fupa kosiyana. Zigongono zikhale pafupi ndi nthiti ndipo manja onse awiri azigwira ntchito limodzi. Podzuka pabedi, yambani mwagubudukira chammbali, tsitsani miyendo pansi, kenako dzukani osadzikoka ndi manja, ndipo mukamatsokomola kapena kuyetsemula kumbatirani pilo pachifuwa. Kuyendetsa galimoto kumadikira masabata 4 mpaka 6, ndipo adokotala ndiwo avomereze. Mukamva fupa likugwedera kapena kulira mukasuntha, musadikire tsiku limene anakulemberani.

Tsono za kutopa. Gawo lina ndi magazi: pafupifupi aliyense amatuluka mu opaleshoni ya mtima magazi atachepa, ndipo thupi limatenga masabata angapo, nthawi zina miyezi iwiri kapena itatu, kuti liwabwezeretse. Ngati sanakuyezeni chitulukireni m'chipatala, pemphani kuti akuyezeni, chifukwa kuchepa kwa magazi kumathandizika mosavuta. Gawo lina ndi minofu ya m'miyendo, imene imafooka msanga modabwitsa munthu akagona masiku ochepa okha, komanso mapapo, amene kunsi kwake kumakhala kusanatseguke bwino chifukwa munthu wa bala pachifuwa amaopa kupuma mokoka. Koma gawo limene ndikufuna mulimvetse bwino ndi la mtima weniweniwo. Kwa miyezi kapena zaka, chipinda chapansi cha kumanzere chinali ndi makomo awiri otulutsira magazi, lina loyenera lopita m'thupi, limene ndi lolemera kukankha, ndi lina lakuseri lobwerera m'chipinda chapamwamba, limene linali lopepuka. Tsopano lakuseri lija latsekedwa, ndipo magazi onse ayenera kudutsa pa khomo lolemera. Mtima umene unazolowera kupeputsidwa ntchito mwanjira yolakwika ukuphunzira kunyamula katundu wake wonse. N'chifukwa chake pa echo yoyamba nambala yosonyeza mphamvu ya kapopedwe, imene madokotala amaitcha ejection fraction, nthawi zina imatsikirapo poyerekeza ndi ya opaleshoni isanachitike, ndipo odwala amene sanachenjezedwe amachita nayo mantha. Chipinda chimene chinakula chifukwa cha magazi obwerera chimabwerera mwakale pang'onopang'ono, kwa miyezi 6 mpaka chaka.

Za wotchiyo, musalimbane nayo. Bisoprolol ali m'gulu la mankhwala otchedwa beta blocker, ndipo ntchito yake ndi yomweyo imene mukuidandaula, kuletsa mtima kuthamanga kwambiri. Masamu amene othamanga amakonda, ochotsa zaka zawo pa 220, akanakupatsani 174, koma masamu amenewa ndi ongoyerekeza ngakhale kwa munthu wabwinobwino, ndipo kwa womwa mankhwalawa alibe ntchito. Mukamakakamiza kuti nambala ikwere mudzangodzitopetsa. Choopsa kwambiri ndi kuwasiya mankhwalawo mwadzidzidzi kuti nambala iziyenda, chifukwa mtima ukhoza kuyamba kuthamanga mosalongosoka. Muyeso wodalirika ndi pakamwa panu: ngati mukuyenda n'kumatha kulankhula chiganizo chonse, ngakhale mpweya ukukwera pang'ono, liwirolo ndi loyenera, koma ngati mawu akutuluka awiriawiri, chepetsani. Ophunzitsa odwala mtima amagwiritsanso ntchito muyeso wa katswiri wa ku Sweden, Gunnar Borg, umene umayambira pa 6 kufika pa 20, ndipo amafuna kuti wodwala azidzimva kuti ali pakati pa 11 ndi 14, ndiye kuti kuyambira pa ntchito yopepuka kufika pa yolemerako pang'ono.

Kuyambira pamene mulipa, yendani tsiku lililonse, ndipo kuli bwino kuyenda kawiri mphindi 15 kusiyana ndi kudzikakamiza kamodzi mphindi 30. Onjezerani mphindi ziwiri kapena zitatu pakapita masiku angapo, ndipo muyambe mwatalikitsa nthawi musanaonjezere liwiro kapena kufuna zitunda. Mphindi zoyambirira ndi zomalizira zikhale zoyenda mwapang'onopang'ono, chifukwa kuima mwadzidzidzi magazi atathamangira m'miyendo n'kumene kumabweretsa chizungulire, makamaka kwa omwa mankhwala a mtima. Mukadzuka mawa lake muli wotopa kuposa dzulo, ndiye kuti munapyola muyeso, ndipo bwererani pa mlingo wapitawo popanda kudziimba mlandu. Njinga yongopalasa pamalo amodzi ndi yabwino ngakhale panopa, bola musatsamire kwambiri pa mahandulo, koma njinga ya pamsewu, kusambira ndi kunyamula zitsulo zidikire mpaka fupa litakhwima. Ngati chipatala chanu chili ndi pulogalamu yolimbitsa odwala mtima, imene pachipatala amaitcha cardiac rehabilitation, lowanimo osazengereza. Imatenga masabata 6 mpaka 12 malinga ndi malo, ndipo phindu lake kwa munthu ngati inu ndi lakuti mumayesa mphamvu zanu pamaso pa anthu amene akuona kagundidwe ka mtima pa makina. Othamanga akale ambiri amainyoza pulogalamuyi poganiza kuti ndi ya okalamba, koma m'kuona kwanga iwowo ndi amene amaifuna kwambiri, chifukwa anazolowera kunyalanyaza zimene thupi likuwauza.

Kuthamanga kwenikweni kuganiziridwe pakatha miyezi itatu, mutaunikidwanso ndi echo ndiponso, ngati n'kotheka, mutayezedwa mtima mukuyenda pa makina. Zotsatira zikakhala zabwino, yambani ndi mphindi imodzi yothamanga pang'ono ndi mphindi ziwiri kapena zitatu zoyenda, mobwerezabwereza, masiku atatu pa sabata osatsatizana. Makilomita 8 aja angatenge miyezi 6 kapena kuposa kuti muwafikenso. Mukadzayamba kunyamula zitsulo, yambani ndi zopepuka ndipo musamagwire mpweya pokweza, chifukwa kutero kumakweza kuthamanga kwa magazi mwadzidzidzi. Bungwe la World Health Organization mu 2020 linalangiza kuti munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndi kulimbitsa minofu masiku awiri, ndipo munthu amene valavu yake inakonzedwa bwino, mtima wake uli ndi mphamvu, alibe chifukwa cholepherera kufika pamenepo. Ndiye pa funso lanu lachiwiri, anthu ambiri a msinkhu wanu amathamanganso, ndipo ena amapeza kuti kachitunda kaja kapepuka kuposa mmene kanalili zaka ziwiri opaleshoni isanachitike.

Pali zizindikiro zimene si za kutopa wamba. Mtima ukayamba kugunda mothamanga ndi mosalongosoka muli chikhalire, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa vuto la kugunda kosalongosoka lotchedwa atrial fibrillation limagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse ochitidwa opaleshoni ya mtima, kawirikawiri m'masiku oyambirira, koma limatha kubweranso munthu ali kunyumba. Chimodzimodzi ngati kubanika kukukula m'malo mochepa, ngati simungathe kugona chagada, ngati mapazi akutupa, kapena ngati sikelo ikuonetsa kuti mwaonjezera makilogalamu awiri m'masiku awiri kapena atatu, pakuti amenewo si mafuta koma madzi, ndipo akhoza kukhala m'mapapo kapena kuzungulira mtima. Kutentha thupi, bala lofiira kapena lotuluka mafinya, ndi ululu wobaya pachifuwa umene umakula mukagona kapena mukapuma mokoka, zonsezi zimafuna dokotala msanga. Kukomoka, kupotoka kwa nkhope, kufooka kwa dzanja kapena mwendo ndi kulephera kulankhula ndi ngozi ya nthawi yomweyo.

Za warfarin, ambiri okonzedwa valavu amamwa pafupifupi miyezi itatu, pokhapokha ngati pali atrial fibrillation yosatha, pamene oikidwa valavu yachitsulo amamwa moyo wonse. Musadumphe tsiku loyezetsa INR, nambala yosonyeza mmene magazi akuchedwera kuundana, imene kwa ambiri imafunika kukhala pakati pa 2 ndi 3, ndipo musamwe ibuprofen kapena diclofenac pa ululu wa m'mapewa ndi msana umene umavuta pambuyo pa opaleshoniyi musanafunse, chifukwa amaonjezera kutaya magazi. Mukagwa n'kumenyetsa mutu, pitani kuchipatala ngakhale mukumva bwinobwino.

FUNSO: Ndili ndi zaka 23 ndipo valavu yanga inaonongeka ndi matenda a rheumatic ndili mwana. Anandikonza miyezi 7 yapitayo, warfarin anandisiyitsa, ndipo ndikupeza bwino kwambiri. Ndikufuna kubwerera ku mpira wamanja umene ndinausiya zaka zitatu zapitazo. Komanso jakisoni wa penicillin wa mwezi ndi mwezi wanditopetsa, amapweteka kwambiri. Popeza valavu anaikonza, kodi sindingamusiye?
*Mtsikana wofuna kubwerera m'bwalo*

YANKHO: Chemwali, za mpira yankho likhoza kukhala lokusangalatsani, koma za jakisoni ayi. Pa miyezi 7 fupa linalumikizana kale, ndipo popeza simukumwanso warfarin, kugundana ndi anzanu m'bwalo sikukuopsezani monga kukanachitira poyamba. Chatsala ndi kuunikidwa ndi echo musanayambe mipikisano, chifukwa mavalavu oonongeka ndi matenda a rheumatic amakhala olimba ndi okhuthala, ndipo nthawi zina pambuyo pokonza khomo limatsala lopanikizika pang'ono, zimene sizioneka munthu ali phee koma zimaonekera mtima ukathamanga. Pambuyo pa zaka zitatu osasewera, yambani ndi masabata angapo othamanga pang'ono ndi kuponyerana mpira musanasewere masewero athunthu.

Jakisoniyo musamusiye. Opaleshoni inakonza chimene matenda anaononga, koma sinachotse chimene chinayambitsa. Matenda a rheumatic amayamba ndi tizilombo ta streptococcus ta gulu A timene timabweretsa zilonda zapakhosi, ndipo mwa anthu ena chitetezo cha m'thupi polimbana ndi tizilomboti chimasokonezeka n'kuyamba kuukira mavalavu a mtima wa mwini wake. Thupi lanu linaonetsa kale kuti limachita zimenezo, choncho zilonda zapakhosi zilizonse zatsopano zikhoza kuyatsanso motowo pa valavu imene madokotala anaivutikira. Benzathine penicillin wobayidwa masabata atatu kapena anayi alionse amatchinga njira imeneyo, ndipo kwa amene anafika pochitidwa opaleshoni amapitirira mpaka atakwanitsa zaka 40 zakubadwa, nthawi zambiri moyo wonse. Kupweteka kwake n'koona ndipo musachite manyazi kukunena. Anamwino ali ndi njira zokuchepetsera, monga kusiya mankhwalawo afunde kaye, kubaya pang'onopang'ono, kapena kusakaniza ndi mankhwala ochititsa dzanzi pamene malamulo a chipatala akulola.

Samaliraninso mano ndi nkhama. Tizilombo ta m'kamwa tikalowa m'magazi timakonda kumatirira pa kamphete kaja n'kuyambitsa matenda oopsa a m'kati mwa mtima otchedwa endocarditis, choncho dokotala aliyense wa mano auzidwe za opaleshoni yanu asanakugwireni, kuti akupatseni mankhwala opha tizilombo mphindi 30 mpaka 60 asanayambe ntchito. Thupi likatentha masiku angapo popanda chifukwa chodziwika, pemphani kuti akutengeni magazi okayeza tizilombo musanamwe mankhwala alionse. Ndipo tsiku limene mudzaganize zokhala ndi pakati, dokotala wa mtima adziwe pakatipo pasanakhale, chifukwa magazi a mayi woyembekezera amachuluka pafupifupi ndi theka ndipo valavu ndi imene imasenza katunduyo.

FUNSO: Amuna anga ali ndi zaka 61 ndipo papita masabata 9 chiwachitireni opaleshoni ya valavu. Adokotala akuti ali bwino, koma iwo safuna kuyenda, amangokhala pampando dzanja lili pachifuwa, usiku sagona, ndipo sachedwa kupsa mtima. Tsiku lina ndinawapeza akulira. Anasamukiranso kuchipinda china poopa kuti zinthu zingaphotchoke. Ndiwathandize bwanji?
*Mayi wodandaula*

YANKHO: Mayi, zimene mukuona mwa bambowo n'zofala kwambiri pambuyo pa opaleshoni ya mtima, ngakhale amuna ambiri sazinena. Munthu amene akudziwa kuti mtima wake unaimitsidwa n'kuyambitsidwanso amayamba kumvetsera kugunda kulikonse, ndipo kachizindikiro kochepa amakamva ngati chiyambi cha imfa. Vuto lake n'lakuti kukhala pampando kumafooketsa miyendo, kufookako kumabweretsa kubanika akayesa kuyenda, ndipo kubanikako kumawatsimikizira kuti mantha awo anali oona.

Kuwakalipira sikuthandiza, ndipo kuwachitira chilichonse nakonso kumawauza mwakachetechete kuti ndi munthu wosweka. Yendani nawo inuyo, mphindi 5 zokha poyamba, pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo muzilemba pa pepala mphindi za tsiku lililonse kuti pakatha masabata awiri aone ndi maso awo kuti nambala ikukwera. Pa ulendo wotsatira wa kuchipatala mulowe nawo, ndipo mufunse adokotala pamaso pawo kuti anene momveka zimene akuloledwa kuchita, chifukwa chilolezo chochokera kwa amene anagwira mpeni chimalemera kuposa cha wina aliyense. Mutchulenso za kusagona ndi kulirako. Ngati kukhumudwa kwatenga masabata oposa awiri, chilakolako cha chakudya chatha, kapena akulankhula zoti moyo ulibenso phindu, amenewo ndi matenda a maganizo amene ali ndi chithandizo chake, ndipo mawu onena za kudzipha asadikire tsiku la mawa.

Nkhani ya kuchipinda mwachita bwino kuitchula, pajatu mbewa ya manyazi inafera kuuna. Muyeso umene madokotala amagwiritsa ntchito ndi wakuti munthu amene angakwere masitepe a nyumba yosanja kawiri popanda kubanika kwambiri kapena kumva ululu pachifuwa ali ndi mphamvu zokwanira kukhala malo amodzi ndi mkazi wake. Mpaka masabata 12 atakwana, iwo asatsamire thupi lawo pa manja ndipo pachifuwa pawo pasalemedwe. Mankhwala ena a mtima amachepetsa mphamvu za abambo, ndipo ngati zili choncho auze adokotala kuti awasinthire, m'malo mosiya okha kapena kugula mankhwala oonjezera mphamvu, amene ndi oopsa kwambiri akasakanikirana ndi mankhwala a mtima a gulu la nitrate.